Matchalitchi, mavilla ndi malo a mbiri ku Veneto, Italy: mafunso ndi mayankho

Veneto ndi chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Italy, choyambira ku mapiri a Dolomiti kutsetsereka mpaka kunyanja ya Adriatic. Likulu lake ndi Venice. Mayankho ali m'munsimuwa ndi a munthu amene akukonza ulendo wopita kumeneko, kaya wokapemphera, wokaphunzira za zomangamanga, kapena wongofuna kukadzionera yekha zimene amamva.

Ndikafika ku Venice, sindiye kuti ndaona Veneto yense?

Ayi. Venice inalamulira dera lonseli kwa zaka mazana ambiri mpaka 1797, ndipo chuma chake chambiri chinakathera kumtunda. Padua, Vicenza ndi Verona ili pamzere umodzi wa njanji, ndipo uliwonse uli ndi zake zimene simungazipeze kwina. Kuchoka ku Venice kufika ku Padua pa sitima ndi theka la ola. Padua kufika ku Vicenza ndi mphindi 20, ndipo Vicenza kufika ku Verona ndi mphindi pafupifupi 40. Wongothera masiku ake onse ku Venice amabwerera asanaone zojambula za Giotto, manda a Antonio Woyera, nyumba za mmisiri wa zomangamanga Palladio ndi malo amene Bakhita, woyera wa ku Sudan, anakhala.

Ndigone mumzinda uti?

Ife timalangiza Padua. Ili pakati, malo ogona ndi otsikirapo mtengo kusiyana ndi ku Venice, ndipo ndi mzinda wa ophunzira, choncho chakudya cha mtengo wabwino sichisowa. Vicenza ndi yabwino kwa amene cholinga chawo chachikulu ndi mavilla, nyumba zakumunda za olemera akale. Masiku asanu ndi okwanira kuona mizinda inayi mosapupuluma. Mukawonjezera awiri, mufika ku Schio, ku Maser ndi ku Torcello.

Pa zikwangwani za pasiteshoni mudzaona Padova ndi Venezia, maina a Padua ndi Venice m'Chitaliyana. Ku Venice kuli masiteshoni awiri: Venezia Mestre ili kumtunda, Venezia Santa Lucia ndiyo ili pachilumba. Ambiri amatsikira ku Mestre akangoona dzina la Venezia, kenako n'kumadabwa kuti madzi ali kuti.

N'chifukwa chiyani kulowa mu Cappella degli Scrovegni kumavuta chonchi?

Katchalitchi kameneka ka ku Padua n'kakang'ono, mamita pafupifupi 21 m'litali ndi 8 m'lifupi, koma makoma ake onse anajambulidwa ndi Giotto ndipo kanadalitsidwa pa 25 Malichi 1305. Anakamangitsa ndi Enrico Scrovegni, mwana wa munthu wodziwika ndi katapira. Giotto ankapaka utoto papulasitala akadali wamuwisi, gawo limodzi patsiku, kuti laimu akamauma agwire utotowo. Utoto wa buluu sunkalola njira imeneyi, ndiye ankaupaka khoma litauma kale, n'chifukwa chake pa zovala zina za Maria wakanganuka. Mdani wamkulu wa zojambula zotere ndi chinyezi cha mpweya wa anthu, fumbi, utsi wa magalimoto, ndi mchere umene umatuluka m'khoma kutentha kukamasinthasintha.

Choncho pali ndondomeko yosapindika. Mumasungitsa malo pa intaneti pasadakhale, osachepera tsiku limodzi, koma m'miyezi ya alendo ambiri chitani zimenezi milungu ingapo ulendo usanafike. Gulu lolowa silipitirira anthu 25. Mumayamba mwakhala mphindi 15 m'chipinda chagalasi chosefa mpweya mukuonera kanema, kenako chitseko chimatseguka n'kukupatsani mphindi 15 kapena 20 mkatimo. Zikwama zimasiyidwa ku nyumba yosungiramo zakale ya Musei Civici agli Eremitani, komwenso ndi polowera. Mukachedwa ngakhale pang'ono, nthawi yanu yapita ndipo sangakulowetseni m'gulu lina popanda tikiti yatsopano. Fikani theka la ola nthawi isanakwane. Kuchokera kusiteshoni ndi mphindi 10 wapansi.

Mphindi 15 n'zochepa, ndiye dziwiranitu poyang'ana. Nkhani imayambira pamzere wapamwamba ndi Yowakimu ndi Anna, makolo a Maria, n'kumatsika mozungulira mpaka pa moyo, imfa ndi kuuka kwa Yesu. Imani pa chithunzi cha Yudasi akupsompsona Yesu: chovala chake chachikasu chamukuta Yesu pafupifupi thupi lonse, ndipo awiriwo akuyang'anizana m'maso, zibonga ndi miyuni zili njo pamwamba pawo. Yang'ananinso amayi a ana ophedwa ndi Herode, misozi ikuoneka ikutsika m'masaya. Pakhoma la kukhomo lakale pali chiweruzo chomaliza, ndipo pansi pa mtanda Enrico wagwada akupereka katchalitchiko kwa Maria. UNESCO inaika zojambulazi, pamodzi ndi zina za ku Padua za m'zaka za m'ma 1300, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2021.

Mukatuluka, lowani m'tchalitchi cha Eremitani chimene chili pafupi pomwepo. Bomba linagwera pamenepo pa 11 Malichi 1944 n'kuphwanya zojambula za Andrea Mantegna. Tizidutswa timene tinatoledwa tinamatidwanso pakhoma, mipata yambiri ili mbee. Mukaona kufupika kwa mtunda wa pakati pa nyumba ziwirizi, mumvetsa chifukwa chake anthu a ku Padua sachita masewera ndi Giotto.

Nanga ku tchalitchi cha Antonio Woyera kumafunika tikiti?

Ayi, kulowa n'kwaulere. Anthu a kumeneko amangochitchula kuti il Santo, ndipo tramu, kasitima koyenda mumsewu, yochokera kusiteshoni ili ndi poima pa dzina lomwelo. Antonio anabadwira ku Lisbon mu 1195, anamwalira ku Arcella pafupi ndi Padua pa 13 Juni 1231, ndipo chaka chisanathe analengezedwa kukhala woyera. Ntchito yomanga tchalitchichi inayamba mu 1232. Chimasamalidwa ndi ansembe a chipani cha Fransisko Woyera.

Manda ali kumanzere mukalowa. Anthu amayenda pamzere kuzungulira kuseri kwa guwa n'kuika dzanja pamwala wobiriwira moderapo umene watseka mandawo, ena n'kusiya kalata kapena chithunzi cha wodwala wawo. Kuseri kwa guwa lalikulu kuli chipinda chosungiramo lilime lake, limene linapezeka losaola pamene manda anatsegulidwa mu 1263, komanso chibwano chake. Paguwa lalikulu pali mtanda ndi zifanizo zamkuwa zopangidwa ndi Donatello.

Pano ndi pamalo opempherera poyamba, zokaona zimabwera pambuyo. Misa imachitika kangapo patsiku, ndipo pali malo olapira kumene mungapeze wansembe wolankhula Chingerezi. Pa 13 Juni pamakhala chinamtindi cha anthu ndi mdipiti wodutsa m'misewu. Ngati mukufuna kupemphera modekha, bwerani mamawa tsiku wamba mabasi a alendo asanafike.

Ku Padua kuli zinanso zoti n'kutayirapo nthawi?

Zilipo, ndipo zonse n'zoyenda wapansi. Orto Botanico, munda wa zitsamba zamankhwala wa yunivesite, unatsegulidwa mu 1545 ndipo uli kuseri kwa il Santo. Muli mgwalangwa wobzalidwa mu 1585. Pabwalo lalikulu la Prato della Valle pali zifanizo 78 zozungulira ngalande, ndipo moyang'anana nalo pali tchalitchi cha Santa Giustina, m'mene muli manda amene amalemekezedwa ngati a Luka mlaliki. Yunivesite inayamba mu 1222. Ku Palazzo Bo, nyumba yakale ya yunivesiteyi, kumene mumalowa ndi wokuperekezani, kuli gome limene amati wasayansi Galileo ankaphunzitsirapo m'zaka zake za ku Padua, 1592 mpaka 1610, ndi chipinda chamatabwa cha mu 1595 chimene ophunzira udokotala ankaoneramo kutumbula mitembo. Pa yunivesite yomweyi Elena Cornaro Piscopia analandira digiri ya udokotala wa filosofi mu 1678, mkazi woyamba kutero.

Kodi villa kwenikweni n'chiyani, ndipo Palladio anali ndani?

Ambiri amayembekeza nyumba yachifumu, koma villa ya ku Veneto inali likulu la munda. M'zaka za m'ma 1500 malonda a panyanja a Venice anayamba kuchepa mphamvu chifukwa cha nkhondo ndi Aturuki komanso njira yatsopano ya Apwitikizi yozungulira Africa. Mabanja olemera anayamba kugula minda kumtunda, kukumba ngalande ndi kuumitsa madambo. Mwini munda ankafuna nyumba yoti azikhalamo nyengo yokolola n'kumayang'anira antchito, koma yooneka kuti mwini wake si munthu wamba. Mavilla olembedwa m'kaundula ku Veneto ndi ku Friuli amaposa 4,000.

Andrea Palladio anabadwira ku Padua mu 1508, anayamba ngati wosema miyala ali mnyamata, ndipo anamwalira mu 1580. Luso lake linali kuika nkhope ya kachisi wa Aroma akale, mizati ndi denga la makona atatu, pakhomo la nyumba ya mlimi. Mukafika pa villa, yang'anani magawo ake. Pakati pali nyumba ya mwini, yokwezedwa pamasitepe kuti chinyezi chisafike. Pansi pake pali khitchini ndi mosungira vinyo. Pamwamba penipeni, kumene kuli timawindo ting'onoting'ono, ndi nkhokwe ya tirigu, imene inkathandizanso kutchinga kuzizira. Kumbali zonse ziwiri kuli makhonde aatali otchedwa barchesse, mosungira ngolo, zida, udzu ndi ziweto, ndipo kumapeto kwake nthawi zambiri kumakhala khola la nkhunda.

Mizati yambiri imene imaoneka ngati yamwala wa mabo ndi ya njerwa zoumbidwa mopendekera, zomangidwa mozungulira n'kupakidwa pulasitala wosakaniza laimu ndi fumbi la mwala. Mwala weniweni ankauika patsinde ndi pamutu pa mzati pokha. Umu ndi mmene ankachepetsera mtengo, komanso ndi chifukwa chake nyumbazi zimafuna kukonzedwa kosalekeza: madzi akangolowa kuseri kwa pulasitala n'kuundana m'nyengo yozizira, pulasitalayo amasweka. M'minda imeneyi ndi mmene chimanga chinafalikira m'chigawochi, ndipo mpaka lero polenta ya ufa woyera, yophikidwa ndi kuvundulidwa ngati nsima, imadyedwa ndi nsomba ku Venice ndi ku Treviso.

UNESCO inalemba mzinda wa Vicenza mu 1994, ndipo mu 1996 inakulitsa mndandandawo kuti mavilla a Palladio akwane 24. Amene ali ku London angaone mbewu ya kamangidwe kameneka pa Chiswick House.

Sindingaone onse. Ndisankhe ati?

Atatu kapena anayi akukwanirani, ndipo woyamba akhale Villa Barbaro ku Maser, womangidwa m'zaka za m'ma 1550 kwa abale awiri, Daniele ndi Marcantonio Barbaro. Mkati mwake Paolo Veronese anajambula zitseko, makhonde ndi mawindo zimene kulibe. Kamtsikana kakusuzumira pachitseko chotseguka pang'ono, mlenje akulowa ndi agalu ake kumapeto kwa zipinda, ndipo pamwamba mayi wa pakhomopo waima pakhonde ndi wantchito wake wokalamba, kagalu ndi chinkhwe zili pambali. Muyenera kuyandikira khoma kuti mutsimikize kuti n'losalala. Amakupatsani zovala pamwamba pa nsapato kuti musakande pansi. Mpaka lero pamalopa amalima mphesa ndi kugulitsa vinyo. Kufikako popanda galimoto n'kovuta, koma mukakhala nayo mungaphatikize Asolo ndi Possagno, kwawo kwa wosema Antonio Canova.

Villa Emo ku Fanzolo ndiyo imaonetsa bwino kwambiri maonekedwe a munda: makhonde aataliatali, ndi njira yotsetsereka yamiyala m'malo mwa masitepe apakhomo. Zojambula zamkati ndi za Battista Zelotti. Fanzolo ili ndi kasiteshoni ka sitima pafupi ndi Castelfranco Veneto, koma sitima zoima pamenepo n'zochepa, choncho onani nthawi yobwererera musanatsike.

La Rotonda, kunja pang'ono kwa Vicenza, ndiyo yotchuka koposa ngakhale si ya munda. Inayambika mu 1567 kwa Paolo Almerico, amene anapuma ntchito ku likulu la Papa, ndipo inamalizidwa ndi Vincenzo Scamozzi. Mbali zake zonse zinayi n'zofanana, ndipo inatembenuzidwa kuti ngodya zake ziloze kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera, potero chipinda chilichonse chimalandirako dzuwa. Ndi nyumba ya banja, ndipo imatsegulidwa masiku ochepa pamlungu. Kanjira kakafupi kamakufikitsani ku Villa Valmarana ai Nani, kumene Giambattista Tiepolo ndi mwana wake Giandomenico anajambula mu 1757. Bambo anajambula milungu ndi ngwazi m'nyumba yaikulu, mwana anajambula alimi akudya ndi kupuma m'nyumba ya alendo. Musadumphe za mwanayo.

M'mbali mwa mtsinje wa Brenta, pakati pa Padua ndi Venice, muli Villa Foscari yotchedwa La Malcontenta, ya Palladio, ndi Villa Pisani ku Stra, ya m'zaka za m'ma 1700, yokhala ndi zipinda 114. Napoleon anaigula mu 1807, ndipo Mussolini ndi Hitler anakumanirako koyamba mu 1934. Mabasi a pakati pa mizinda iwiriyi amadutsa mumsewu wa m'mbali mwa mtsinjewo. Palinso boti la tsiku lonse lotchedwa Burchiello, loyenda kuyambira Malichi mpaka Okutobala, koma n'lokwera mtengo.

Vuto limene limagwetsa ambiri ulesi ndi kufika pageti lotseka. Mavilla ambiri ndi a mabanja, amatseka nyengo yozizira, masana, kapena tsiku limene achita lendi kwa a ukwati. Onani tsamba la villa yeniyeniyo dzulo lake, osadalira mapu a pafoni.

Mu Vicenza mwenimweni ndiyambire pati?

Yambirani ku Teatro Olimpico, nyumba ya zisudzo. Palladio anaiyamba mu 1580, chaka chimene anamwalira, ndipo inatsegulidwa pa 3 Malichi 1585. Kuseri kwa bwalo la zisudzo Scamozzi anamanga misewu ya mzinda ndi matabwa ndi pulasitala. Msewu wapakati umaoneka ngati ukupita kutali, chonsecho ndi wa mamita ochepa: pansi pamakwera, nyumba zimafupika, makoma amayandikana. Zinamangidwira sewero limodzi lokha koma sizinachotsedwe. Tikiti yophatikiza imakulowetsaninso ku Palazzo Chiericati, nyumba yosungiramo zojambula, ndi ku tchalitchi cha Santa Corona, chomangidwa kuyambira 1261 kuti chisunge munga umene amati ndi wa pachisoti cha Yesu, umene Mfumu Louis IX ya ku France inapatsa episkopi wa mzindawu, ndipo muli chithunzi cha ubatizo wa Yesu cha Giovanni Bellini.

Basilica Palladiana si tchalitchi. Ndi holo ya khonsolo ndi makhoti imene Palladio anaizinga ndi makhonde osanjikiza kuyambira 1549.

Tchalitchi cha amwendamnjira ndi Monte Berico, paphiri. Chinamangidwa pamene mayi wina wachikulire, Vincenza Pasini, ananena kuti Maria anamuonekera mu 1426 ndi 1428, nthawi ya mliri. Mumakwera pansi pa khonde la mamita 700 lokhala ndi zipata zokhota 150, chiwerengero cha mikanda ya korona wathunthu wakale. M'chipinda chodyera cha ansembe muli chithunzi chachikulu cha Veronese cha mu 1572, chimene asilikali a Austria anachicheka zidutswa 32 mu 1848, n'kulumikizidwanso pambuyo pake. Chikondwerero chake ndi pa 8 Seputembala.

Tinamva kuti ku Veneto kuli oyera a ku Africa. Ali kuti?

Josephine Bakhita anabadwira ku Darfur ku Sudan cha m'ma 1869, anagwidwa ukapolo ali mwana, ndipo anafika ku Italy ndi kazembe wa dzikolo. Anabatizidwa ku Venice pa 9 Januwale 1890, anachita malumbiro a usisitere ku Verona mu 1896, ndipo kuyambira 1902 anakhala zaka zambiri ku Schio akuphika, kusoka ndi kulandira alendo pakhomo la nyumba ya masisitere a Canossa. Anamwalira pa 8 Febuluwale 1947 ndipo analengezedwa woyera pa 1 Okutobala 2000. Thupi lake lili pansi pa guwa m'tchalitchi cha Sacra Famiglia pa nyumba yomweyo, ndipo masisitere amasunga chipinda chake ndi katundu wake wochepa. Sitima yochokera ku Vicenza imatenga ola losakwana. Ngati muli gulu, dziwitsani masisitere pasadakhale. Amene anaphunzira kapena kugwira ntchito ndi masisitere a Canossa ku Balaka adzapeza kuno gwero la dzina limene amalidziwa kale. Woyambitsa chipanichi, Maddalena wa ku Canossa, anachiyambitsa ku Verona mu 1808.

Ku Verona komweko, nkhoswe ya mzinda ndi Zeno, episkopi wa m'zaka za m'ma 300 amene mwambo wa mpingo umati anachokera kumpoto kwa Africa. Daniele Comboni anayambitsanso chipani chake cha amishonale mumzindawu mu 1867, ndipo amishonale ake akugwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia. Pa nyumba yawo yaikulu pali Museo Africano. Ngakhale Marko mlaliki, nkhoswe ya Venice, mafupa ake anachokera ku Alexandria ku Egypt.

Ku Verona ndione bwalo la Aroma kapena matchalitchi?

Arena, ya m'zaka 100 zoyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, ili panjira yochokera kusiteshoni ndipo simungaiphonye. Kuyambira 1913 m'chilimwe cha kumeneko mumachitika opera, zisudzo zoimba, ndiye miyezi imeneyo mkati mumadzaza mipando ndi zitsulo, nthawi yoonera masana n'kufupika. Khonde la Juliet, mtsikana wa m'sewero la Shakespeare, linamatidwa panyumba imene amati inali yake m'zaka za m'ma 1900, ndipo sitikulangizani kuimira pamzere chifukwa cha ilo.

Nthawi yanu ipite ku San Zeno Maggiore, mphindi 20 wapansi kutsata mtsinje wa Adige. Tchalitchichi chinamangidwanso pambuyo pa chivomerezi cha mu 1117. Zitseko zake zili ndi mbale zamkuwa 48 zofotokoza nkhani za m'Baibulo ndi zozizwitsa za Zeno, zosulidwa mosabisa kanthu, moti mwana amatha kuziwerenga. Mkati muli chifanizo cha Zeno chamwala wofiira, nkhope yakuda, akumwetulira, nsomba ikulendewera pandodo yake ya uepiskopi. Thupi lake lili m'chipinda cha pansi pa guwa. Paguwa pali chithunzi cha Mantegna cha cha m'ma 1459. Tizithunzi titatu tapansi pake n'tokopera, chifukwa teniteni tinatengedwa ndi Afalansa mu 1797 ndipo tili ku Paris ndi ku Tours. Tikiti imodzi imakulowetsani ku San Zeno, ku Duomo, ku Sant'Anastasia ndi ku San Fermo, kumene tchalitchi china chinamangidwa pamwamba pa chinzake.

San Marco ku Venice: mzere wake, malamulo ake, ndi nkhani ya madzi

Amalonda awiri a ku Venice anabweretsa mafupa a Marko mu 828. Tchalitchi chimene chilipochi chinayambika mu 1063 n'kudalitsidwa mu 1094, ndipo makoma ndi madenga ake akutidwa ndi timiyala ndi timagalasi tagolide pa malo oposa masikweya mita 8,000. Gulani tikiti ya nthawi yoikika pa intaneti. Zikwama zikuluzikulu sizilowa. Pala d'Oro, chotchinga chagolide cha kuseri kwa guwa, ndi chipinda chapamwamba zili ndi malipiro apadera. Pamwambapo ndi pamene pali akavalo anayi amkuwa enieni olandidwa ku Constantinople mu 1204, pakuti amene ali panja ndi okopera. Wobwera ku Misa amalowera khomo la kumpoto, Porta dei Fiori, osalipira, koma saloledwa kuyendayenda.

Bwalo la San Marco ndi malo otsika kwambiri mumzindawu, choncho ndilo limayamba kumira madzi a m'nyanja akakwera, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Januwale mphepo ya kumwera ikakankhira madzi kumtunda. Pa 12 Novembala 2019 madzi anafika masentimita 187, kutsala pang'ono kufika pa 194 a mu 1966. Madzi amchere amalowa m'njerwa, ndipo akauma mchere umaswa mwala ndi kugwetsa timiyala tija. Kuyambira Okutobala 2020 zitseko za pansi pa madzi zotchedwa MOSE zimadzutsidwa kutseka mipata yolowera madzi a m'nyanja ku Venice madzi akamayembekezeka kukwera kwambiri, ndipo mu 2022 anazinga tchalitchi ndi mpanda wagalasi. Madzi akakwera pang'ono, amayala timilatho tamatabwa ndipo pakatha maola ochepa amaphwa.

Kuyambira 2024, pa masiku ena odzaza, wobwera ku Venice osagonako amalipira ndalama yolowera mumzinda pa intaneti, kuyambira mayuro 5. Ngati mukugona ku Padua, lamuloli likukukhudzani.

Kupatula San Marco?

Tchalitchi cha Frari, chifukwa cha chithunzi cha Titian cha kukwezedwa kwa Maria cha mu 1518, ndi Scuola Grande di San Rocco kuseri kwake, nyumba ya bungwe lachifundo la akhristu, yodzaza ndi ntchito za Tintoretto. Kumeneko pali magalasi oti munyamule kuti muone denga khosi lisanatope. Matchalitchi awiri ndi malonjezo a nthawi ya mliri: Redentore, ya Palladio, inayambika mu 1577, ndipo Lamulungu lachitatu la Julayi anthu amawolokerako pamlatho woyandama. Santa Maria della Salute inalonjezedwa pa mliri wa 1630 ndipo tsiku lake ndi 21 Novembala. Kuti muone mzinda wonse kuchokera pamwamba, nsanja ya San Giorgio Maggiore ili ndi chikepe ndipo mzere wake ndi waufupi. Chilumba cha Torcello, ola limodzi paboti kuchokera padoko la Fondamente Nove kudzera ku Burano, chili ndi tchalitchi chokhazikitsidwa mu 639, chakale kuposa San Marco.

N'chiyani chimabwezetsa anthu pakhomo la tchalitchi?

Mapewa ndi mawondo osaphimba, kwa amuna ndi akazi omwe. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonseyi. Abambo avule chipewa. Chachiwiri ndi nthawi: matchalitchi ambiri ang'onoang'ono amatseka cha m'ma 12 koloko n'kutsegulanso cha m'ma 3 kapena 4, ndipo Lamulungu m'mawa alendo ongoona saloledwa. Nyumba zambiri zosungiramo zakale zimatseka Lolemba. Konzani tsiku motere: matchalitchi m'mawa, malo a tikiti masana, villa chakumadzulo.

Nyamulani ndalama zachitsulo za masenti 50 ndi yuro imodzi. Zithunzi zina zili mumdima, ndipo pambali pake pamakhala kabokosi koponyamo ndalama kuti nyali iyake kwa mphindi zingapo. Kujambula ndi kuwala kwa kamera n'koletsedwa pafupifupi paliponse.

Sitima kapena galimoto?

Pakati pa mizinda, sitima. Zotchedwa Regionale Veloce n'zotsika mtengo ndipo pamitunda iyi sizisiyana kwenikweni ndi zothamanga. Tikiti yapepala ya sitima zimenezi iyenera kudindidwa pakamakina ka papulatifomu musanakwere, apo ayi mulipira chindapusa ngakhale munagula. Yogula pafoni sidindidwa, koma ndi ya sitima ya nthawi imene mwasankha.

Galimoto ya hayala ibwerekeni tsiku limodzi kapena awiri a mavilla okha. Amayenda kudzanja lamanja, ndipo laisensi yanu iyende ndi chiphaso choyendetsera m'mayiko ena. Chenjerani ndi chikwangwani cha ZTL, bwalo loyera la mkombero wofiira: pakati pa mzinda saloleza magalimoto achilendo, makamera amajambula nambala, ndipo chindapusa chimakupezani patapita miyezi, chilichonse pa ulendo uliwonse umene munadutsa.

Nyengo yabwino ndi iti, ndipo mapepala otani?

Epulo mpaka Juni, ndi Seputembala mpaka pakati pa Okutobala. Julayi ndi Ogasiti kumatentha kwachinyezi ndipo udzudzu ndi wambiri, komanso mlungu wa 15 Ogasiti masitolo ambiri amatseka. Nyengo yozizira kuchigwa kumachita nkhungu ndipo mavilla ambiri amakhala otseka, ngakhale ndi nthawi yabwino ya matchalitchi.

Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain. Pamafunika inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa malo ogona ndi wa ndalama. Mungapemphe miyezi 6 ulendo usanafike. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, ndipo ofesi yake ndiyo ingakuuzeni kokapereka mapepala.

Tili ndi agogo pagululi. Angafike ku Madonna della Corona?

Angafike, bola musankhe njira yoyenera. Tchalitchichi chinamatirira kuphompho la phiri la Baldo, mamita 774 pamwamba pa nyanja, kumpoto kwa Verona, ndipo khoma lake lina ndi thanthwe lenileni. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafikako mu 1988. Njira ya amwendamnjira yochokera ku Brentino, m'chigwa cha Adige, ili ndi masitepe oposa 1,500 ndipo imatenga maola awiri kukwera. Imeneyo ndi ya amiyendo yolimba, nsapato zogwira ndi botolo la madzi, ndipo kukagwa mvula miyala yake imaterera. Agogo apite pagalimoto mpaka ku Spiazzi, mudzi wa pamwamba. Kuchokera pamenepo pali msewu wotsetsereka wa kilomita imodzi wodutsa pa zifanizo zamkuwa za njira ya mtanda, ndipo m'miyezi ya alendo kabasi kamatsitsa ndi kukweza anthu. Tsikani wapansi ngati mawondo akulola, koma pobwerera kwerani kabasiko. Tengani juzi ngakhale mu Juni, chifukwa dzuwa limachoka msanga pathanthwepo ndipo kumazizira kuposa ku Verona.